Dzuwa la Okutobala likutidula msonkho umene palibe akuulemba

Ukamatsika kuchokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa m'mwezi wa Okutobala, thupi ndi lomwe limayamba kukuuza kuti walowa dziko lina. Kumtunda kamphepo kamakhala kakadalipo. Ukangomaliza makona aja n'kufika pa Thabwa, mphepo yolowera pawindo la minibasi imakhala ngati yatuluka mu uvuni wa njerwa, ndipo aliyense amayamba kusakasaka chodzikupizira. Ndidayenda ulendowu ndi mnzanga wina wa m'tauni, munthu wa mu ofesi ngati ine ndemwe. Titawoloka mlatho wa Shire cha m'ma 11 koloko, tidaona anyamata anayi atagona chagada pansi pa mtengo wa nimu, zikombole zawo zili poteropo, dothi loponda kale likuuma. Mnzangayo adapukusa mutu.

"Mwaona achimwene? Ndiye azidandaula kuti ndalama zikusowa. Nthawi ino munthu n'kugona?"

Mayi wina amene adakhala kumbuyo kwathu, mwana ali pamiyendo, ndiye adamuyankha. "Bambo, anawo ayamba ntchito inu mukadali m'bulangete. Tatsikani mukaponde dothi lija, tione ngati mufike 12 koloko."

Minibasi yonse idaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mayiyo adanena chinthu chimene akatswiri a zachuma amachilemba m'mabuku ochindikala. Mnyamata woumba njerwa salipidwa pa tsiku, amalipidwa pa njerwa zimene waumba. Maola atatu kapena anayi amene wagona pansi pa nimu ndi ndalama imene yatuluka m'thumba mwake, ndipo sanaipereke mwakufuna. Akakakamira kugwirabe, alipira ndi thupi. Uwu ndi msonkho, ndipo ndi msonkho woipa kuposa yonse, chifukwa umagwera kwambiri amene ali ndi zochepa. Amene timakhala pansi pa siling'i, fani ikuzungulira, sutikhudza kwenikweni, ndiye sitiuona.

Vuto lathu loyamba ndi lakuti timaganiza kuti nkhaniyi tikuidziwa. "Okutobala amatentha kale." Inde amatentha kale, makolo athu adachipatsa dzina chilimwe kalekale. Komatu Okutobala wa lero si wa agogo athu. Bungwe loona zanyengo padziko lonse lidalengeza kuti 2024 chidali chaka chotentha kuposa zaka zonse chiyambireni kulemba, ndipo chidalanda mbiriyi kwa 2023. Kwathu kuno mu Okutobala 2023 nthambi yoona zanyengo idachenjeza za kutentha kwa mnanu, madera ena n'kupitirira madigiri 40. Uthenga udamveka pawailesi: imwani madzi ambiri, valani zopepuka, khalani pamthunzi. Malangizo abwino ndithu, kwa munthu amene angathe kukhala pamthunzi n'kudyabe madzulo.

Tayerekezani ndi zimene zidachitika miyezi isanu ndi iwiri m'mbuyo mwake. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, tidawerenga chilichonse: maliro, nyumba, milatho, makalasi, mahekitala a mbewu. Mapeto ake padatuluka chiwerengero chakuti zowonongeka ndi zotayika zidapitirira madola 500 miliyoni a ku America. Chiwerengerocho ndi chimene boma lidanyamula popita kukapempha thandizo, ndipo chidayenera kutero. Madzi osefukira amasiya matope, amasiya chithunzi. Kutentha sikusiya kanthu koti mtolankhani ajambule. Gogo amene wamwalira usiku wa tsiku lachinayi la kutentha, abale amati anali ndi vuto la BP. Kabaza amene wakomoka pa chitunda amati sanadye. Imfa zambiri za kumudzi zimalembedwa m'kope la chipepeso mokha.

Ngakhale maiko olemera adaphunzira izi mochedwa. M'chaka cha 2003 kutentha kudapha anthu oposa 70,000 ku Ulaya, pafupifupi 15,000 mwa iwo ku France kokha, ambiri okalamba okhala okha m'nyumba. Sadawadziwe powerenga zikalata zolembedwa kuti "wafa ndi kutentha". Adatenga chiwerengero cha imfa za masabata amenewo n'kuyerekeza ndi cha masabata omwewo m'zaka zina, n'kuona phiri la maliro limene silidayenera kukhalapo. Mu 2022 adawerenganso chimodzimodzi n'kupeza oposa 61,000. Ngati zili choncho kumene kuli zipatala zokwanira ndi madzi a m'mipope nyumba iliyonse, ndani angaime n'kunena kuti ku Nsanje kulibe kanthu?

Tiyeni tibwerere ku ndalama, poti ndiye chilankhulo chimene opanga bajeti amamva. Mu 2019 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO lidawerengetsa kuti pofika 2030 kutentha kudzakhala kukudya 2.2 peresenti ya maola onse ogwirira ntchito padziko lapansi. Zikumveka zochepa mpaka utamva kuti n'chimodzimodzi kufafaniza ntchito 80 miliyoni, kapena kutaya madola 2,400 biliyoni. Mwa maola otayikawo, 60 pa 100 alionse ndi a kumunda, ndipo 19 ndi a zomangamanga. Ndiye funsani kuti dziko limene anthu ake ambiri amadya chifukwa cha khasu lili mbali iti ya chiwerengerocho. Akatswiri awiri a pa sukulu ya ukachenjede ya Dartmouth ku America adayang'ana zaka za pakati pa 1992 ndi 2013 n'kupeza kuti madera osaukitsitsa ankataya pafupifupi 6.7 peresenti ya chuma cha munthu aliyense pachaka chifukwa cha kutentha koonjeza, pamene olemeretsetsa ankataya 1.5 peresenti. Amene adathira utsi wochuluka mumlengalenga akulipira pang'ono, ife a makala ndi nkhuni tikulipira kanayi. Chilungamo cha nkhani imeneyo tikambirana tsiku lina. Lero ndikufuna tione za pakhomo pathu.

Thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri 37. Minofu ikamagwira ntchito imatulutsa moto wake, ndipo njira yaikulu youzimitsira ndi thukuta kuuma pakhungu. Kunja kukatentha kuposa thupi, makamaka kukakhala chinyontho ngati cha m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje, thukuta limangoyenderera osauma, mtima n'kumathamanga kupopera magazi kukhungu. Munthu amayamba kuchedwa osadziwa, amalakwitsa, amaphonya msomali n'kumenya chala, amaterereka pa makwerero. Akapitirira apo, mutu umazungulira, ndipo thupi likadutsa madigiri 40 ubongo ndi impso zimayamba kuwonongeka. Mu Januwale 2023 ku Kakamas, m'chigawo cha Northern Cape ku South Africa, anthu asanu ndi atatu adamwalira ndi kutentha, ambiri a iwo ogwira ntchito m'minda. Aliyense amene ali ndi m'bale ku Joni akudziwa kuti ntchito za m'mafamu ndi za pa chimango ndi zimene anthu athu ambiri amafikira.

Chimene chimandiopsa kwambiri si imfa ya tsiku limodzi ija, koma yapang'onopang'ono. Ku Nicaragua kuli tauni yotchedwa Chichigalpa kumene amalima nzimbe. Amuna odula nzimbe adafa ndi matenda a impso ochuluka kotero kuti mudzi wina pafupi ndi tauniyo anthu adaupatsa dzina lakuti Chilumba cha Akazi Amasiye. Sanali okalamba, sanali a shuga. Anali anyamata amphamvu amene ankalipidwa malinga ndi kulemera kwa nzimbe zimene adula, ndiye kupuma kulikonse kunali kutaya ndalama. Tsiku ndi tsiku impso zinkavulala pang'ono chifukwa cha kutentha ndi kuchepa kwa madzi m'thupi, mpaka zidaleka kugwira ntchito. Mankhwala amene adayesa kumeneko ndi ochititsa manyazi kuphweka kwake: madzi, mthunzi wa tenti yonyamulika, ndi kupuma kokakamiza pa nthawi zoikika. Kuvulala kwa impso kudatsika kwambiri, ndipo nzimbe zodulidwa sizidachepe ngakhale anthu ankapuma nthawi yochuluka.

Ifenso timalima nzimbe, ku Nchalo ndi ku Dwangwa, malo otentha onse awiri. Tili ndi ntchito ya mgwazo m'maesiteti, tili ndi ganyu wa pa ndime, wosenza mchenga, woswa miyala, wosoka matumba padzuwa. Sindikuloza chala aliyense. Ndikungoti malipiro a "maliza uzipita" amasandutsa munthu mdani wa thupi lake, ndipo dziko limene makina otsuka impso amapezeka m'zipatala zazikulu zowerengeka silingakwanitse kudikira kuti lione ngati za ku Nicaragua zifika kuno.

Si anthu okha amene amalipira. Azakhali anga ku Salima amaweta nkhuku za nyama m'khola la malata kuseri kwa nyumba. Chaka china adatenga ngongole ku banki m'khonde, n'kugula anapiye kumapeto kwa Seputembala kuti azigulitsa mvula isanagwe. Sabata yachisanu, nkhuku zitanenepa bwino, matumba a chakudya atatha kale, kudabwera masiku aja oti ngakhale agalu sauwa. Nkhuku ilibe thukuta. Imangoyasama kukamwa, mapiko tambasu, kupuma mwabefu. Ndidawapeza madzulo atakhala pakhonde, beseni lodzaza nkhuku zakufa lili patsogolo pawo, akuitana aneba kuti atenge pa mtengo uliwonse zisanayambe kununkha. Zimene zidafa zinali zazikuluzikulu, zomwe zidadya kwambiri. "Mwanawe," adatero, "matenda ndikadagula mankhwala. Nanga dzuwa ndikamugulire chiyani?" Ngongole adabweza pogulitsa mbuzi. Chichokereni apo saikanso anapiye pakati pa Seputembala ndi Novembala. Ndi nzeru, koma tiitchule dzina lake lenileni: bizinesi imene inkayenda miyezi 12 tsopano ikuyenda miyezi isanu ndi inayi, ndipo miyezi itatu yosowayo sidzaoneka m'buku lililonse la boma.

Chimodzimodzi mayi wa tomato amene waoda ku Lizulu kapena ku Jenda, dengu n'kuyamba kuchucha tsiku lachiwiri. Chimodzimodzi mlimi wa mkaka ku Thyolo amene ng'ombe yake yachepetsa mkaka chifukwa ikudya pang'ono, wotsalawo n'kusasa usanafike kothira. Chimodzimodzi nsomba zapadoko pamene ayezi wasungunukira panjira.

Za chimanga ndiye tili ndi umboni wochokera m'minda ya mu Africa momwemuno. Mu 2011 David Lobell wa pa sukulu ya ukachenjede ya Stanford ku America ndi anzake adasanthula zotsatira za minda yoyeserera chimanga yoposa 20,000, n'kupeza kuti tsiku lililonse limene mbewu yakhala pa digiri imodzi pamwamba pa 30, zokolola zimatsika ndi 1 peresenti mvula ikakhala yabwino, ndi 1.7 peresenti kukakhala ng'amba. Nthawi yoopsa ndi ya ngayaye: mungu ukapsa, ndevu zikauma, chitsononkho chimatuluka cha mano a gogo. Mu Febuluwale 2024 tidaziona ndi maso. Tidazitcha ng'amba ya El Niño, ndipo mu Malichi mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Koma ng'amba siyenda yokha. Gawo lina la ntchito yowononga ija adagwira ndi dzuwa lowotcha masamba ndi kuyamwa chinyontho chochepa chimene chidatsala m'nthaka. Feteleza wa sabuside amene tidakanganirana chaka chonse adapsera limodzi ndi mbewuyo.

Tsono tichite chiyani? Yankho la anthu a m'tauni limabwera msanga: makina oziziritsira m'nyumba. Ndi yankho la anthu ochepa kwambiri. Mabanja ambiri m'dziko muno alibe magetsi a ESCOM, ndipo amene ali nawo akudziwa kuti gwero lake lalikulu ndi mtsinje umodzi, Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Anzathu a ku Zambia adaona mu 2024 zimene zimachitika madzi akachepa ku damu lawo lopangira magetsi la Kariba: magetsi ankazima mpaka maola 21 pa tsiku, m'miyezi yomwe kutentha kunali pachimake. Ometa, owotcherera zitsulo, ogulitsa nyama ndi a zigayo adakhala manja lende. Chaka chotentha kwambiri ndi chomwenso magetsi a m'madzi amakhala osadalirika, ndiye kumanga chiyembekezo chathu chonse pa soketi n'kudzinamiza. Magetsi ochepa amene tili nawo, kuphatikizapo a dzuwa ngati a ku Salima ndi ku Golomoti, ayenera kuziziritsa kaye katemera, chipinda cha amayi oyembekezera, mkaka ndi nsomba. Ofesi ya bwana ibwere pambuyo.

Zimene zimagwira ntchito kwa anthu ambiri ndi zosasangalatsa kutsegulira ndi riboni. Mzinda wa Ahmedabad ku India udataya anthu oposa 1,300 m'mwezi wa Meyi 2010. Mu 2013 udakhazikitsa dongosolo lolimbana ndi kutentha, loyamba m'chigawo chonse cha kum'mwera kwa Asia: chenjezo la mitundu yosiyanasiyana masiku angapo kutentha kusanafike, madzi akumwa m'malo odutsa anthu, anamwino ophunzitsidwa kuzindikira wodwala kutentha, ndi kupaka madenga utoto woyera m'madera a anthu osauka. Ofufuza adapeza kuti dongosololi linkapulumutsa anthu oposa 1,000 pachaka. Denga loyera lokha limatsitsa kutentha kwa m'nyumba ndi madigiri awiri mpaka asanu.

Apa ndiye pali nkhani yathu ya malata. Kwa Mmalawi, malata ndi umboni wakuti munthu wagwira ntchito. Wobwera ku Joni amayamba ndi malata, mlimi wa fodya akagulitsa bwino amayamba ndi malata, ngakhale boma lidakhalapo ndi ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo. Palibe angatsutse ubwino wake: sadontha, sapsa ndi moto wolusa, safuna kufolera chaka ndi chaka. Koma nyumba yaifupi ya malata, yopanda siling'i, ya mawindo ang'onoang'ono otsekedwa usiku poopa akuba ndi udzudzu, ndi chiwaya. Imasunga moto wa masana mpaka pakati pa usiku. Anthu amatulutsa mphasa n'kugona panja, kunja kwa neti, kenako tidabwa malungo. Amene wagona mkati amadzuka ngati wamenyedwa, n'kupita kuntchito ali wotopa kale. Masiku ano kwabweranso fashoni ya malata akuda ndi abuluu woderapo, okongola pa chithunzi, omwe amamwa dzuwa ngati siponji.

Chodabwitsa n'chakuti nzeru yomangira nyumba yozizira tidali nayo. Nyumba ya agogo ya udzu, khonde kuzungulira, mtsuko wa madzi pakona, inkazizira masana onse. Nyumba zakale za boma ku Zomba zili ndi makonde otakasuka, madenga aatali ndi timabowo totulutsira mpweya pamwamba pa mawindo. Tidasiya zonsezo n'kutengera mabokosi agalasi oyenera maiko achisanu. Sindikuti tibwerere ku udzu. Ndikuti siling'i ya mphasa, bango kapena nsungwi ndi yotsika mtengo, utoto woyera si wodula kuposa wakuda, ndipo kukweza khoma ndi mizere itatu ya njerwa sikungagwetse bajeti ya munthu amene wakwanitsa kale kugula malata. Makhonsolo amene amavomereza mapulani a nyumba, ndi masukulu a ntchito zamanja amene amaphunzitsa amisiri, akadayamba kunena zimenezi mokweza.

Boma liyambe ndi nyumba zake. Teremu yoyamba ya sukulu imatsegulidwa mu Seputembala n'kudutsa pakati penipeni pa chilimwe. Lowani m'kalasi ya Sitandade 3 ku Nsanje kapena ku Karonga nthawi ya 11 koloko, ana oposa 100 atakhala pansi, malata ali pamwamba pa mitu yawo akulira "the-the-the" ndi kutentha. Mphunzitsi akuphunzitsa, koma amene akumva ndi ochepa. Timachita manyazi ndi ana ophunzirira pansi pa mtengo, ndipo n'zoona nthawi ya mvula amavutika, koma mu Okutobala iwowo ndi amene ali pabwino. Dziko la South Sudan lidatseka sukulu zonse mu Malichi 2024 poopa kutentha kofika madigiri 45. Ife sitinafike potseka, koma kalasi imene ana akungosinza yatsekedwa kale, kungoti malipiro a mphunzitsi, choko ndi phala zikuwonongedwabe.

Pa nkhani ya ogwira ntchito, maiko ena adaika lamulo. Ku Qatar n'koletsedwa kugwiritsa anthu ntchito padzuwa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka hafu pasiti 3 masana, kuchokera pa 1 Juni kufika pa 15 Seputembala. Lamuloli adalikhwimitsa mu 2021, dziko lonse litawadzudzula chifukwa cha imfa za alendo ogwira ntchito zomangamanga pokonzekera mpikisano wa mpira wa 2022. Ndikudziwa zimene olemba anthu ntchito anganene kuno: kuti zinthu zadula kale, kuti ntchito ichedwa, kuti ife si Qatar. Ndikuvomereza mbali imodzi: kukopera lamulo lawo momwe lilili sikungathandize. Kutentha kwa ku Dedza si kwa ku Ngabu, ndiye lamulo lathu liyenera kuyendera chenjezo la a zanyengo, boma ndi boma, osati kalendala. Koma zoti kupuma kumachedwetsa ntchito, a nzimbe a ku Nicaragua adayankha kale. Wogwira ntchito wotenthedwa amachedwa ndi kale, kaya bwana walola kaya sanalole. Kusiyana kwake n'kwakuti akapuma mwadongosolo amabwerera ndi mphamvu, pamene akakakamira amabwerera mawa lake atatheratu, kapena osabwera n'komwe.

Tili ndi lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito. Lidalembedwa dziko lisanatenthe chonchi, ndipo oliyendera ndi ochepa. Njira yachidule ilipo. Boma ndi kasitomala wamkulu wa makontilakitala a misewu, masukulu ndi zipatala. Likhoza kulemba m'mgwirizano uliwonse kuti pamalo a ntchito pakhale madzi akumwa, mthunzi ndi nthawi yopuma tsiku la chenjezo, monga momwe limalembera za zipewa zolimba ndi nsapato. Mtengo wake ulowe mu kontilakiti poyera. Pakali pano mtengowo ulipo ndithu, kungoti akulipira ndi wosakaniza simenti.

Chovuta chenicheni ndi chakuti anthu ambiri alibe bwana woti lamulo limugwire. Kabaza, wogulitsa mandasi, mayi wa kaunjika, anyamata aja a njerwa, bwana wawo ndi njala. Kwa iwo mthunzi uyenera kukhala katundu wa onse, ngati msewu. Mzinda wa Freetown ku Sierra Leone, pansi pa meya Yvonne Aki-Sawyerr, udasankha Eugenia Kargbo mu 2021 kukhala mkulu woona za kutentha, woyamba mu Africa, ndipo imodzi mwa ntchito zake zoyamba idali kuika zotchinga dzuwa pamwamba pa amayi ogulitsa m'misika. Makhonsolo athu amadula chiphaso tsiku lililonse kwa mayi amene wayala masamba pa thumba, padzuwa, popanda mpopi pafupi. Kodi n'kulakwa kufunsa kuti gawo la ndalama imeneyo ligule mthunzi? Masamba akapanda kufota pofika masana, mayiyo agulitsa ambiri, ndipo khonsolo yomweyo sidzavutika kumutolera mawa. Ku India bungwe la amayi odzilemba okha ntchito la SEWA lidayesanso inshulansi imene imalipira yokha kutentha kukadutsa mlingo woikika kwa masiku angapo, popanda munthu kukadandaula ku ofesi. M'dziko limene ndalama zikuyenda kale pa foni mpaka kumudzi, si maloto.

Wina anena kuti dziko losowa mankhwala m'zipatala, losowa mafuta ndi ndalama zakunja, lili ndi zofunika kuposa mthunzi. Ndikadagwirizana naye zikadakhala kuti kusachita kanthu n'kwaulere. Koma ndasonyeza kale kumene ndalamazo zikutulukira: m'khola la azakhali, m'dengu la tomato, m'kalasi, m'munda wothiridwa feteleza wa ngongole. Ndipo pa zonse zimene kusintha kwa nyengo kukutikakamiza kuchita, izi ndiye zotsika mtengo. Kumanga chitetezo cha madzi osefukira m'mbali mwa Ruo kumafuna mabiliyoni. Kusuntha nthawi yoyambira sukulu ndi ola limodzi m'maboma otentha kwa masabata asanu ndi limodzi kumafuna kalata yochokera ku unduna. Alimi a ku Chigwa cha Shire adasintha kale nthawi yawo popanda kalata. Amalowa m'munda kukadali mdima, pofika 9 koloko ali kunyumba. Ndi mabungwe athu amene akuumirirabe wotchi ya ku Ulaya.

Za mitengo ndinene mosamala, chifukwa ndi nkhani imene timaikonda pakamwa. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo timakhala ndi nyengo yodzala mitengo. Akuluakulu amavala magambutsi atsopano, amathirira mbande imodzi pamaso pa makamera, timamva mamiliyoni a mitengo yodzalidwa. Pitani pamalo omwewo mu Okutobala mukaone chimene mbuzi, chiswe ndi moto zasiya. Mbali inayo, mitengo ikuluikulu imene idali kale ndi mthunzi ikugwa, ina chifukwa cha makala, ina pokuza misewu monga zidachitikira m'mbali mwa msewu wa Kenyatta ku Lilongwe mu 2021. Msewu unkafunika, sindikana. Koma woyenda pansi amene amadutsa pamenepo masana, phula likutulutsa moto pansi, dzuwa likuswa mtengo pamwamba, palibe adamuwerengera. Mzinda wa Medellín ku Colombia udachita zosiyana: kuyambira 2016 udadzala mitengo ndi zomera m'mbali mwa misewu ndi mitsinje, n'kulemba anthu osauka ntchito yozisamalira, ndipo kutentha kwa mumzinda kudatsika ndi madigiri awiri. Chinsinsi chili pa osamalirawo. Tikadamalipira magulu a m'midzi ndi m'matauni malinga ndi mitengo imene ili moyo mu Okutobala, osati imene yadzalidwa mu Januwale, chiwerengero chikadachepa koma mthunzi ukadachuluka.

Ndipo tili ndi mtengo umene ukuchita ngati udalengedwera nkhani yomweyi. Nsangu umayoyola masamba nthawi ya mvula, chimanga n'kumakula bwino pansi pake chikudya manyowa a masambawo, kenako umaphukira m'chilimwe pamene mitengo ina ili mbee. Aliyense amene adayendapo m'minda ya ku Salima kapena m'mbali mwa nyanja mu Okutobala adaonapo ng'ombe zitaunjikana pansi pa nsangu, mbusa ali pomwepo.

Choyamba kuchita, zonsezi zisanachitike, n'kutenga kope. Zipatala za maboma a Chikwawa, Nsanje, Mangochi, Salima ndi Karonga zili ndi mabuku a odwala ndi omwalira a zaka zambiri, ndipo a zanyengo ali ndi mabuku a kutentha kwa tsiku ndi tsiku pa Ngabu ndi malo ena. Kuika mabuku awiriwa pa tebulo limodzi, monga adachitira ku France ndi ku Ahmedabad, ndi ntchito imene ophunzira a pa sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya KUHeS angaigwire m'teremu imodzi. Pomwepo aike timakina toyezera kutentha m'makalasi makumi angapo, ena a denga lopakidwa utoto woyera, ena osapakidwa, ena a siling'i ya mphasa, aphunzitsi azilemba nambala pa bolodi nthawi ya 11 koloko tsiku lililonse kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa. Pofika Disembala nduna ya zachuma idzakhala ndi pepala patsogolo pake, zokambirana za bajeti zisanayambe.